Mjigo Umodzi, Madzi Angapo: Kuyeza Madzi a Pansi pa Nthaka pa Kuya Kosiyanasiyana

Chaka chilichonse mvula ikamatha, ife a m'makampani a mbewu timakhala pansi ndi alimi a mthirira kukambirana za mahekitala amene atichulukitsire mbewu m'nyengo yopanda mvula. Funso lathu loyamba limakhala la madzi, ndipo yankho limene timalandira kawirikawiri ndi pepala limodzi: lipoti la amene anakumba mjigo, losonyeza kuya kwake, pamene madzi anaima, ndi malita amene unatulutsa tsiku limene ankauyesa. Tikaona kuti manambala ndi abwino timasainirana, mbewu za makolo n'kuperekedwa.

Zaka zingapo zapitazo tinaphunzira mowawa kuti pepala lotere silinena zonse. Mlimi wina amene tinkagwira naye ntchito anadzala chimanga cha mbewu ya haibulidi mu Juni. Sanali munthu wamphwayi. Sabata iliyonse m'mamawa, pampu isanalizidwe, ankayeza madzi mumjigo wake n'kulemba m'buku, ndipo madziwo ankaoneka kuti akutsika pang'onopang'ono basi. Chakumapeto kwa Seputembala, mizere yaikazi ili pafupi kutulutsa ndevu, pampu inayamba kukoka mpweya isanagwire ntchito ngakhale ola limodzi. Mizere yaimuna inamwaza mungu wake pa nthawi yake, koma ndevu zinachedwa chifukwa cha ludzu, ndipo pamene zinkatuluka mungu unali utatha. Pokolola tinapeza njere zapatalipatali pa zisononkho. Mlimiyo anataya ndalama zake, ifenso tinasowa mbewu imene tinali titalonjeza kale ogulitsa.

Buku lake silinaname. Vuto linali lakuti nambala imene ankalemba inali ya madzi osakanikirana ochokera m'magawo awiri a pansi, ndipo gawo limene linkatha silinkaoneka palokha.

Pansi pa munda pali magawo

Dera lalikulu la Malawi, kum'mawa kwa Zambia, pakati pa Zimbabwe ndi kumpoto kwa Mozambique lakhala pa thanthwe lakale kwambiri ndi lolimba. Wokumba mjigo m'madera amenewa amayamba wadutsa dothi ndi dongo, kenako amafika pa thanthwe lofumbutuka, limene kawirikawiri limathera pa mamita 10 mpaka 30. Pansi pake pali thanthwe lolimba lokhala ndi ming'alu, ndipo ming'aluyo imanka ichepa pamene mukupita pansi. Magawo awiriwa amagwira ntchito zosiyana. Thanthwe lofumbutuka limasunga madzi ambiri koma limawatulutsa mwaulesi. Ming'alu imayendetsa madzi mofulumira koma payokha imasunga ochepa kwambiri. Tinganene kuti gawo lapamwamba ndi thanki, ming'alu ndi mapaipi ake. Mjigo umene waboola mng'alu waukulu umasangalatsa tsiku loyesa, chifukwa paipi yake ndi yotakata. Koma kukula kwa thanki imene ikudyetsa paipiyo sikuoneka pa kuyesa kwa maola ochepa.

Kwina nthaka ndi yosiyana. M'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi m'chigwa cha Shire muli mchenga ndi dongo zosanjikizana, ndipo mchenga uliwonse wotsekeredwa ndi dongo ungakhale ndi madzi akeake. Ku Lusaka ndi ku Mpongwe kuli thanthwe la dolomite limene madzi analisungunula n'kupanga mapanga ndi ngalande, kotero kuti zimene zathiridwa pamwamba zimafika pansi mosachedwa. Ku Nyamandlovu, kumene mzinda wa Bulawayo ndi alimi a kumeneko amatunga, madzi ali m'thanthwe la mchenga limene m'malo ambiri lavindikiridwa ndi thanthwe lakuda la basalt. Konseku mfundo ndi imodzi: madzi a pansi sali dziwe limodzi lalikulu. Ali m'magawo, ndipo gawo lililonse lili ndi mphamvu yake yokankhira madzi m'mwamba, mchere wake, ndi liwiro lake lodzadzira mvula ikagwa.

Mjigo wamba umakumbidwa kuti utulutse madzi ochuluka, choncho umatsegulidwa ku magawo onse amene wokumba anakumana nawo. Pa ntchito yothirira izi n'zomveka. Pa ntchito yoyeza n'zosocheretsa. Madzi amene aima mumjigo wotere sakuimira gawo lapamwamba kapena lapansi, koma ali penapake pakati, ndipo amatsamira ku gawo limene limapereka madzi mosavuta. Ndi zimene zinachitikira mlimi uja. Usiku pampu ikazima, madzi a m'thanthwe lofumbutuka ankatsikira mumjigo n'kuudzaza, ndipo m'mawa zinkaoneka ngati zonse zili bwino. Gawo lapamwambalo litauma pafupi ndi mjigo, panatsala ming'alu yokha, yopanda choidyetsa.

Pali chinthu chinanso chimene ambiri sachiganizira. Ngati magawo awiri ali ndi mphamvu zosiyana, mjigo wotseguka umasanduka njira yodutsa madzi kuchoka ku gawo lamphamvu kupita ku lofooka, usana ndi usiku, ngakhale pampu itazima. Chitsanzo chodziwika bwino m'chigawo chathu chino ndi cha ku Stampriet, kumene madzi a pansi amagawana mayiko a Namibia, Botswana ndi South Africa. Kumeneko kuli magawo atatu: la Kalahari pamwamba, la Auob pakati, ndi la Nossob pansi. Magawo apansiwa ndi otsekeredwa, ndipo m'malo ena madzi ake amatumphuka okha osapopedwa. Akatswiri a madzi a kumeneko akhala akudandaula za mijigo yakale yosamatidwa bwino kapena yochita dzimbiri, imene imadukiza madzi kuchoka m'gawo lina kupita m'linzake, n'kufooketsa gawo labwino kapena kulisakaniza ndi madzi amchere. Mjigo wotayidwa umene uli kukona kwa munda wanu ungakhale ukuchita zomwezo mwakachetechete.

Mmene kuyeza kwa magawo kumakonzedwera

Cholinga ndi chakuti gawo lililonse likhale ndi paipi yakeyake yoyezera, imene akatswiri amaitcha piezometer. Imeneyi ndi paipi yopapatiza, kawirikawiri ya mamilimita 50, yotsekeka m'mbali monse kupatula kachigawo kakafupi kumunsi, ka mita imodzi mpaka mamita atatu, kokhala ndi timipata tolowera madzi. Kuzungulira timipatato amathira mchenga wosefa, ndipo pamwamba pa mchengawo amamata ndi dongo la bentonite, limene limafufuma likanyowa n'kutseka njira. Madzi amene akwera m'paipi yotere ndi a pa kuya kumeneko kokha.

Njira yodalirika kwambiri ndi kukumba maenje awiri kapena atatu moyandikana, lililonse pa kuya kwake, paipi imodzi m'dzenje lililonse. Imadya ndalama zokumbira koma sivuta kumata. Njira yachiwiri ndi kulowetsa mapaipi awiri kapena atatu m'dzenje limodzi lotakata, n'kulekanitsa magawowo ndi bentonite. Imeneyi ndi yotsikirapo mtengo, koma pamafunika wokumba woleza mtima, chifukwa bentonite amatha kukakamira pakati pa mapaipi asanafike pamalo pake n'kusiya mpata. Ife sitilangiza mapaipi opitirira atatu m'dzenje limodzi. Ndipo wokumba asanalandire malipiro omaliza, yesani ntchito yake: thirani madzi m'paipi imodzi, kapena apopeni, mukuyang'ana inzake. Inzakeyo ikasuntha nthawi yomweyo ndi muyeso wofanana, kayikirani chimato.

Palinso zipangizo zopangidwa kufakitale zimene zimayeza malo ambiri m'dzenje limodzi. Westbay ndi Waterloo ndi za ku Canada. Ya Waterloo inayambitsidwa mu 1984 ndi John Cherry wa pa University of Waterloo, amene mu 2020 analandira mphoto ya Stockholm Water Prize. Ina yotchedwa CMT ndi paipi imodzi yogawidwa m'kati kukhala tinjira 3 kapena 7, kanjira kalikonse kotsegulidwa pa kuya kwake. FLUTe, ya ku America, ndi nsalu yosalowa madzi imene imamatirira kukhoma la dzenje. Zimenezi n'zoyenera migodi, mabungwe opereka madzi m'mizinda ndi ofufuza. Kwa mlimi wa mbewu, mapaipi awiri omatidwa bwino amayankha mafunso ambiri amene ali nawo.

Amene sangathe kukumba dzenje latsopano asataye mtima. Chitsime chokumba ndi manja chimene chili pafupi ndi mjigo chimaimira kale gawo lapamwamba. Kuchiyeza tsiku limodzi ndi mjigo ndi chiyambi chabwino, ngakhale mjigowo udzapitiriza kupereka nambala yosakanikirana.

Chinthu chimodzi chimawononga ntchito yonse chikaiwalika. Manambala a mapaipi awiri angayerekezedwe pokhapokha ayezedwa kuchokera pa mulingo umodzi. Ngati mlomo wa paipi ina uli masentimita 40 pamwamba pa inzake ndipo simunawerengere kusiyanako, mungaganize kuti madzi akutsikira pansi pamene akukwera. Ikani chizindikiro chosafufutika pa mlomo wa paipi iliyonse, ndipo pezani kusiyana kwa milomoyo ngakhale ndi paipi yoonekera m'kati ya amisiri omanga nyumba. Poyeza, gwiritsani dip meter, tepi yokhala ndi kachipangizo kumapeto kamene kamalira kakakhudza madzi. Kamodzi pa sabata m'nyengo yothirira n'kokwanira, koma muyeze kawiri tsiku limenelo: m'mawa pampu isanalizidwe ndi madzulo isanazimitsidwe. Okhala ndi data logger akumbukire kuti imamvanso kulemera kwa mpweya, motero pamafunika inzake yapamtunda yochotsera zimenezo. Apo ayi kusintha kwa nyengo kumaoneka ngati madzi asuntha masentimita angapo.

Zimene manambala awiri amanena

Tiyerekeze munda wokhala ndi mapaipi awiri pafupi ndi mjigo wothirira, ina yofika pa mamita 20 m'thanthwe lofumbutuka, ina pa mamita 55 m'ming'alu. Mu Meyi madzi a m'paipi yaifupi ali pa mamita 6 kuchokera pamwamba, a m'paipi yaitali ali pa mamita 9. Popeza apamwamba aima pamwamba kuposa apansi, madzi pamalopa akuyenda chotsika: gawo lapamwamba likudyetsa lapansi.

Kuthirira kukayamba, paipi yaitali idzatsika kwambiri masana n'kubwerera usiku, pamene yaifupi idzatsika pang'onopang'ono osabwerera. Yaifupiyo ndiyo ikukuuzani za thanki yeniyeni. Ngati thanthwe lofumbutuka likuthera pa mamita 22 ndipo madzi akutsika mita imodzi pa sabata, muli ndi masabata 16 osapitirira. Mukayamba kumayambiriro kwa Juni, masabata amenewo akutha chakumapeto kwa Seputembala, nthawi yomwe chimanga chikumasula. Kunena zoona adzatha msanga kuposa pamenepo, chifukwa mbewu zikamakula ndi kutentha kukamawonjezeka mudzapopa kwambiri. Mlimi amene waona izi mu Julaye akadali ndi zosankha: kuchepetsa madzi pa nthawi imene mbewu zingapirire, kusiya mbali ina ya munda kuti apulumutse ina, kapena kufuna madzi ena nthawi ikadalipo. Woziona mu Seputembala alibe.

Nthawi zina zimachitika mosiyana. Paipi yaitali imatsika sabata ndi sabata osabwerera pamene inali, koma yaifupi siisuntha. Apa ndiye kuti pakati pali dongo lotseka. Nkhani yabwino ndi yakuti zitsime za anansi anu sizikukhudzidwa ndi pampu yanu. Yoipa ndi yakuti gawo limene mukutungamo sililandira madzi kuchokera pamwamba pa munda wanu, ndipo mvula ya chaka chimodzi mwina singalibwezeretse.

Pafupi ndi madambo, kawirikawiri madzi a m'paipi yaitali ndiwo amaima pamwamba, kusonyeza kuti madzi akukwera kuchokera pansi. Ndiwo amanyowetsa madimba m'chilimwe. Pampu yamphamvu ingatembenuze kayendedwe kameneka. Zikatero dimba la mudzi limayamba kuuma, ndipo madzi apamwamba, pamodzi ndi zotsalira za feteleza ndi zochokera m'zimbudzi, amayamba kutsikira m'gawo limene kale linali lotetezeka. Bungwe la WHO linaika malire a nitrate m'madzi akumwa pa mamiligalamu 50 pa lita, ndipo mijigo yambiri ya m'minda imamwetsanso antchito ndi mabanja awo. Tawonapo mikangano pakati pa mlimi wamkulu ndi mudzi woyandikana naye imene inatha miyezi, aliyense akulankhula zongoganiza. Buku la mapaipi awiri likanaonetsa ngati mlimiyo ndi wolakwa kapena ayi. Tivomereze kuti yankho silikomera mlimi nthawi zonse.

Chaka chimodzi cha manambala chimathandiza, koma zaka zingapo ndizo zimaphunzitsa. Ku Makutapora, kumene mzinda wa Dodoma ku Tanzania umatunga madzi, akhala akulemba kuyambira mu 1955, ndipo zolembedwazo zinaonetsa kuti madzi a pansi kumeneko sadzadza chaka chilichonse: amatsika zaka zingapo motsatizana, kenako amakwera m'nyengo za mvula yoopsa. Sitikunena kuti minda yonse ili choncho, makamaka ya m'madera a mvula yambiri. Koma pambuyo pa chilala cha 2023/24, chimene chinachititsa Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza za ngozi yadziko pakati pa Febuluwale ndi Epulo 2024, n'kulakwa kungoganiza kuti dzinja limodzi labwino labweza zonse m'magawo onse.

Mchere uli pamwamba kapena pansi?

Alimi a m'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, amadziwa mijigo imene anthu anaisiya chifukwa cha mchere, ina ili pafupi ndi mijigo ya madzi abwino. Mchere wa kumeneko suchokera kumodzi. Pamene madzi ali pafupi ndi pamwamba, dzuwa limawauma n'kusiya mchere m'gawo lapamwamba. Kwina madzi amchere amakwera kuchokera pansi kudzera m'ming'alu ikuluikulu ya thanthwe. Mankhwala a mavuto awiriwa ndi otsutsana: loyamba limafuna kumata gawo lapamwamba n'kutunga pansi, lachiwiri limafuna kusakumba mozama ndi kusapopa mwamphamvu. Botolo limodzi la madzi otungidwa pa mlomo wa pampu silingakuuzeni kuti vuto lanu ndi liti.

Mchere umayezedwa ndi EC meter, kachipangizo ka m'manja. Malinga ndi miyeso ya FAO, madzi osafika 0.7 dS/m alibe vuto pa ulimi wothirira, ndipo opitirira 3.0 dS/m ndi oopsa. Mbewu zimapirira mosiyana. Nyemba zimayamba kutaya zokolola madzi othirira akapitirira 0.7, chimanga 1.1, mtedza 2.1, soya 3.3, tirigu 4.0. Zipangizo zambiri zimalemba mu µS/cm, ndipo 1 dS/m ndi 1,000 µS/cm. Taonani kuti nyemba ndi chimanga, zimene timachulukitsa kwambiri m'chilimwe, ndizo zosapirira. Muyeze EC ya paipi iliyonse kamodzi pa mwezi, mutayamba mwachotsa madzi amene anakhalitsa m'paipimo. Gawo limodzi likayamba kuwonjezera mchere, mudzaliona miyezi ingapo masamba asanayambe kupsa m'mphepete.

Nthawi yotsika mtengo kwambiri yodziwira zonsezi ndi tsiku lokumba. Khalani pamalopo kapena tumizani munthu wodalirika. Paliponse pamene makina akumana ndi madzi, alembe kuya kwake, kuchuluka kwa madzi ndi EC yake. Okumba ambiri amachita zimenezi akapemphedwa. Akapanda kupemphedwa, lipoti limabwera ndi mzere umodzi.

Masamu a hekitala imodzi, ndi mawu kwa ogulitsa

Milimita imodzi ya madzi pa hekitala ndi malita 10,000. Chimanga chimafuna mamilimita 500 mpaka 800 pa nyengo yonse, kutanthauza malita 5 miliyoni mpaka 8 miliyoni pa hekitala. Pa masiku otentha chimanga chikumasula, tiyerekeze kuti chikumwa mamilimita 7 patsiku. Amenewo ndi malita 70,000, ndipo kuti muwapope m'maola 10 pamafunika pafupifupi malita 2 pa sekondi, osawerengera otayika m'njira. Mijigo yambiri ya m'thanthwe lolimba inakumbidwira pampu yamanja ya Afridev ndipo sifika ngakhale lita imodzi pa sekondi. Ndiye chifukwa chake funso lathu kwa mlimi lasintha. Sitifunsanso malita a tsiku loyesa okha. Timafunsa pamene madzi a gawo lililonse anali mu Okutobala wapitawu.

Inu ogulitsa zipangizo za ulimi, nkhaniyi ikukukhudzani kawiri. Ambiri mwa inu tsopano mukugulitsa mapampu oyendera dzuwa. Pampu ya dizilo imadziletsa yokha chifukwa mafuta ndi ndalama, koma ya sola imapopa dzuwa likangowala, ndipo limawala kwambiri m'miyezi imene madzi a pansi ali otsikitsitsa. Musanagulitse pampu yaikulu, pemphani lipoti la mjigo, onani kuya kumene madzi ambiri amalowera, ndipo langizani kuti pakhale chozimitsa pampu madzi akatsika. Kachiwiri, mbewu ikamera mwa apo ndi apo chifukwa cha madzi amchere, mlimi sabwerera kwa wokumba mjigo. Amabwera pa sitolo yanu atanyamula paketi. EC meter imodzi ya pasitolo, yoti alimi aziyezetsa madzi awo asanagule nyemba zodzala m'chilimwe, ingakupulumutseni ku milandu yotere. Dip meter ndi matumba a bentonite ndi katundu amene akusowa m'matauni ambiri aang'ono.

Musanakumbe dzenje lililonse, ngakhale loyezera chabe, funsani olamulira madzi a m'dziko lanu. Ku Malawi ndi National Water Resources Authority, yokhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013. Ku Zambia ndi WARMA, ndipo kuyambira mu 2018 malamulo a kumeneko amafuna kuti mijigo ilembetsedwe ndiponso kuti okumba akhale ndi chilolezo. Ku Zimbabwe ndi ZINWA pamodzi ndi makhonsolo oyang'anira madzi a m'zigwa. Mijigo yotayidwa imene ili pamunda itsekedwe ndi bentonite kapena simenti kuyambira pansi, osangoika mwala pamlomo.

Nthawi yabwino yoika mapaipi oyezera ndi Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe. Madzi amakhala pa malo awo otsikitsitsa, choncho mudzadziwa kuti paipi yaifupi yafikadi pamene sipauma, ndipo buku lanu lidzayamba ndi nambala yoipitsitsa ya chaka. Mukatero mudzaona mmene gawo lililonse likuyankhira mvula: lapamwamba limakwera msanga, lapansi limatha kuchedwa masabata kapena miyezi. Pomaliza ntchito, mangani kachipupa ka simenti kuzungulira mlomo kuti madzi a mvula asatsikire m'mbali mwa paipi, ndipo ikani chivindikiro chachitsulo chokhoma ndi loko. Paipi ya mamilimita 50 imatsekeka ndi mwala umodzi woponyedwa ndi mwana woweta mbuzi.